Nikolai Benardos, Mmisiri Amene Anasoka Chitsulo ndi Moto wa Magetsi

Munthu woyenda pa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, akamadutsa pa Kamwendo kapena akamalowa pa boma penipeni, salephera kuona moto wothwanima ngati mphezi pansi pa mitengo ndi m'makonde a magalaja. Amenewo ndi amisiri owotcherera zitsulo. Wina amakhala akulumikiza ngolo imene yathyoka ndi matumba a mtedza, wina akumata paipi ya utsi ya lole yochokera ku Chipata, ndipo wina akupanga mafelemu a zitseko ndi mawindo. Ntchito imeneyi inazolowereka kwambiri kotero kuti ana oimirira chapatali, ataphimba maso ndi zikhatho, amaiyesa ntchito yachikhalire monga kusula makasu. Koma luso limeneli lili ndi chiyambi chake, ndipo mmodzi mwa anthu amene analiyambitsa anali Nikolai Benardos, mwana wa banja lolemera amene anafera m'nyumba yosungiramo amphawi.

Kubadwa ndi maphunziro ake

Benardos anabadwa m'chaka cha 1842 m'mudzi wa Benardosovka, m'chigawo cha Kherson. Dera limeneli lili m'dziko la Ukraine, koma nthawi imeneyo linali pansi pa ufumu wa Russia. Mudziwo unatenga dzina la banja lake, pakuti agogo ake aamuna, amene anachokera ku Greece, anali mkulu wa asilikali amene anamenya nawo nkhondo yolimbana ndi Napoleon. Atate ake nawonso anali msilikali waudindo. Mwana wa banja lotere ankayembekezeka kuvala yunifolomu, koma mtima wa mnyamatayu unali ku chipala ndi ku nyumba ya amisiri imene inali pa munda wa atate ake. Kumeneko anaphunzira kugwira nyundo ndi tupa asanamere ndevu.

M'chaka cha 1862 analowa sukulu ya ukachenjede ya ku Kiev kukaphunzira udokotala. Patapita zaka zinayi anausiya napita ku Moscow, ku sukulu yaikulu ya zaulimi ya Petrovskaya. Kumenekonso sanamalize. Chikhalidwe chimenechi chinamutsata moyo wake wonse: nzeru yatsopano ikamugwira, ankasiya zonse zimene anali nazo m'manja ndi kuithamangira, osawerengera kuti imudyera ndalama zingati.

M'chaka cha 1867 anapita ku Lukh, tauni yaing'ono ya m'nkhalango za m'chigawo cha Kostroma, kukaona za malo a banja la amayi ake. Atafika anakondako, ndipo chaka chotsatira anakwatira Anna Lebedeva, mwana wa munthu wina wa nyumba ya alendo. Chapafupi ndi tauniyo anamanga mudzi wake umene anautcha Privolnoye. Munali nyumba yogona, minda, chipala ndi malo opangiramo makina. Zaka zochepa m'mbuyomo, mu 1861, mfumu Alexander II inali itamasula alimi amene kwa mibadwo yambiri anali ngati akapolo a eni minda, ndipo anthu amenewa anali osauka ndi osaphunzira. Benardos anatsegulira ana awo sukulu, anakhazikitsa malo operekera mankhwala, ndipo anyamata ambiri anaphunzira umisiri m'nyumba yake ya makina. M'zaka zimenezi anapanga makasu okokedwa ndi akavalo, makina ofesera ndi makina okololera a mtundu wake.

Mlandu ndi sitima yoyenda pamchenga

Mavuto anayamba m'chaka cha 1873. Dokotala wina wa m'deralo anafalitsa mphekesera zonyoza zokhudza Benardos ndi mphunzitsi wamkazi wa pasukulu ija. Benardos, amene anali wamtima wapachala, anamukwapula dokotalayo. Bwalo la milandu la ku Kostroma linagamula kuti amuthamangitsire ku Siberia, dziko lozizira kumene ankatumizako akaidi. Pambuyo pake chilangocho chinachepetsedwa: anatsekeredwa miyezi itatu ndi kulandidwa ufulu wogwira ntchito ya boma. Mlanduwo unamudyera chuma chambiri ndi kumudetsera mbiri pakati pa anthu audindo.

M'chaka chomwecho anayamba ntchito imene inamudyera chuma chotsalacho. Mitsinje ya kuderalo inali ndi malo osaya, milu ya mchenga ndi madamu a zigayo, kotero kuti sitima sizinkatha kuyenda ulendo wautali. Benardos anaganiza zopanga sitima ya nthunzi yokhala ndi magudumu apadera, yoti ikafika pamchenga izikwawa ndi kulowanso m'madzi kutsogolo. Anaimaliza m'chaka cha 1877 naitcha Nikolai. Sitimayo inayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 300 m'mitsinje ya Lukh ndi Klyazma mpaka ku Gorokhovets, kenaka inatengedwa kupita ku St Petersburg, likulu la dzikolo pa nthawiyo. Palibe mkulu wa boma kapena wamalonda amene anaifuna. Potsiriza inagulitsidwa ndi kuphwasulidwa.

Komabe m'kati mwa ntchito yolepherayo munabadwa nzeru imene inamutchukitsa. Masiku amenewo njira zolumikizira zitsulo zikuluzikulu zinali ziwiri. Yoyamba inali kuboola mabowo ndi kukhomerera misomali yachitsulo yonenepa. Yachiwiri inali ya osula, imene makolo a kuno, eni ng'anjo zimene zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu, akanaizindikira msanga: kuika zitsulo ziwiri pamoto wa mvukuto mpaka zitafewa, kuzisanjikiza ndi kuzimenya ndi nyundo kufikira zitagwirana. Koma chitsulo cha sitima sichilowa m'chipala cha pamudzi. Posowa ng'anjo yaikulu, Benardos anayesa kutenthetsa m'mphepete mwa zitsulozo ndi lawi la magetsi asanazimenye, ndipo anaona kuti m'malo ena chitsulocho chinkasungunuka ndi kugwirana chokha popanda nyundo.

Ku Paris

Lawi la magetsi linali lodziwika kale. Vasily Petrov wa ku Russia analionetsa m'chaka cha 1802, ndipo Humphry Davy wa ku England anachitanso chimodzimodzi m'zaka zomwezo. Koma kwa zaka zambiri anthu ankalifunira kuwala kwake. Mmodzi mwa akatswiri a nyale zotere anali Pavel Yablochkov, amene nyale zake zinawalitsa misewu ina ya mu Paris. Benardos, atapanikizika ndi ngongole, analowa ntchito pa kampani ya Yablochkov ku St Petersburg m'chaka cha 1879, ndipo mu 1881 anapita ku Paris ku chionetsero chachikulu cha zamagetsi.

Mumzindawo, katswiri wachifalansa Auguste de Méritens ankagwiritsa ntchito lawi la magetsi polumikiza mbale za mtovu za m'mabatire. Mtovu ndi wofewa ndipo umasungunuka msanga. Chimene Benardos anachita chinali kutenga moto womwewo ndi kuupititsa pa chitsulo cholimba, ndiponso kuuika m'dzanja la mmisiri kuti aziuyendetsa kumene akufuna. Njira yake anaitcha Elektrogefest, potengera dzina la Hephaestus, amene m'nthano zakale za ku Greece, kwawo kwa agogo ake, anali mulungu wa osula zitsulo.

Kagwiridwe kake kanali kotere. Waya umodzi wa magetsi unkamangidwa ku chitsulo chofuna kulumikizidwa. Waya wina unkapita ku ndodo ya khala loumbidwa molimba, imene inkapanidwa ndi chogwirira chotetezera dzanja. Mmisiri ankakhudzitsa nsonga ya ndodoyo pa chitsulo ndi kuitukula pang'ono, ndipo magetsi ankalumpha kampata kameneko n'kupanga lawi lotentha kuposa ng'anjo iliyonse ya nthawiyo. Pansi pa lawilo chitsulo chinkasungunuka n'kukhala kadziwe konyezimira. Ndodo ya khala sinkasungunuka. Ntchito yake inali kunyamula moto basi. Mpata ukakhala waukulu, mmisiri ankatenga kandodo kachitsulo ndi dzanja linalo n'kumakadyetsa m'kadziwe kaja pang'onopang'ono, uku akusendeza lawi kutsogolo. Motero manja onse awiri ankagwira ntchito, lina la moto, lina la chitsulo chodzazira.

Makina opanga magetsi a masiku amenewo sankapirira ntchito yotere, pakuti mphamvu yofunika inkakwera ndi kutsika mwadzidzidzi. Chifukwa cha ichi Benardos ankasonkhanitsa mabatire ambiri a mtovu, ena opanga yekha, kuti azisunga mphamvu ndi kuitulutsa pa nthawi yowotcherera. Mtovu umenewu unadzamuvulaza m'tsogolo.

Luso lake, chuma cha ena

Kuti luso latsopano likhale la mwini wake pamaso pa lamulo, pamafunika chikalata cha boma chotchedwa patenti, ndipo dziko lililonse limalipiritsa lokha. Benardos analibe ndalama zoterozo. M'chaka cha 1884 mudzi wake wa Privolnoye unagulitsidwa chifukwa cha ngongole, ndipo sukulu, chipala ndi minda zonse zinapita m'manja mwa ena. Pamenepo anagwirizana ndi Stanisław Olszewski, munthu wa mtundu wa Chipolishi amene anali ndi chuma. Olszewski analipira zonse, koma dzina lake linalembedwa pa zikalatazo pamodzi ndi la Benardos monga mwini mnzake. Kuyambira mu 1885 anapeza zikalata ku France, ku Belgium, ku Britain, ku Germany ndi m'maiko ena, ndipo ya ku America, nambala 363,320, inatuluka pa 17 Meyi 1887. Ku St Petersburg kunakhazikitsidwa kampani yotchedwanso Elektrogefest.

Oyamba kuona phindu la njirayi anali a njanji. Kale gudumu la sitima kapena felemu ya injini ikang'aluka, chitsulo chonsecho chinkatayidwa kapena injiniyo inkaima nthawi yaitali kudikira china. Tsopano mng'alu unkadzazidwa pomwepo ndipo sitima inkabwerera pa njanji. Malo okonzerako sitima a ku Voronezh ndi ku Roslavl anali ena mwa oyamba kugwiritsa ntchito njirayi, ndipo posakhalitsa inafika m'mafakitale a kumadzulo kwa Ulaya, kumene ankapangira migolo, matanki ndi mapaipi.

Koma walira mvula walira matope. Ndalama zimene zinatsegula njira zinabwera ndi eni ake. Pofika m'chaka cha 1889, anthu amene anali ndi mphamvu pa kampaniyo ndi pa zikalata zija anali atamukankhira Benardos pambali, kotero kuti analibenso mawu pa luso limene analibala yekha. Phindu linkalowa m'matumba a ena. Iye anapitiriza kuganiza ndi kuyesa zatsopano ndi ndalama zochepa zimene ankapeza. Anapanga njira yowotcherera ndi lawi loyaka pakati pa ndodo ziwiri za khala, njira yowongolera lawi ndi maginito, ndi zida zolumikizira malata pokanikiza nsonga ziwiri za magetsi. Zinthu zimene anatulukira pa moyo wake zinaposa 100, za ulimi, za maulendo ndi za magetsi.

Anafika polemba mapulani okonzera belu lalikulu la ku Moscow, lolemera matani pafupifupi 200, limene linang'aluka pa moto wa m'chaka cha 1737 lisanalire n'kamodzi komwe, n'kubenthuka chidutswa cha matani oposa 11. Akuluakulu sanamulole, ndipo chidutswacho chidakali pansi pambali pa belulo mpaka lero.

Zofooka za njira yake

Elektrogefest inali ndi chilema. Chitsulo chosungunuka chimamwa mpweya umene anthu amapuma, ndipo chikazizira chimakhala ndi timabowo ndi kuuma mophweka ngati phale. Kuwonjezera apo, tizidutswa ta khala tinkagwera m'kadziwe kaja n'kuumitsa msoko mopitirira muyeso. Motero malo owotchererawo nthawi zina ankathyoka akalandira katundu wolemera, ndipo akatswiri ambiri ankakana kuwakhulupirira pa milatho ndi pa sitima zapamadzi. Vuto lina linali la amisiri eni ake. Kuwala kwa lawilo kunkawapsereza khungu ndi kuwatupitsa maso, ndipo m'chaka cha 1889 dokotala wa maso wa ku Moscow, Alexei Maklakov, analemba za matendawa atawaona pa anthu ogwira ntchitoyi. Ululu wa maso umene umagwira usiku mnyamata wowotcherera ndi magalasi adzuwa wamba, ngati kuti wina wamuthira mchenga, ndi womwewo umene dokotalayu anaufotokoza.

M'chaka cha 1888, Nikolai Slavyanov, injiniya wa pa fakitale ya mizinga ya ku Perm, anachotsa ndodo ya khala n'kuikapo ya chitsulo, kuti ndodo yomweyo izinyamula moto ndi kusungunukira mumsoko. Pakati pa anthu awiriwa panabuka mkangano wa amene anayamba, koma pa chionetsero cha zamagetsi cha ku St Petersburg m'chaka cha 1892 onse awiri analemekezedwa, ndipo Benardos analandira mendulo ya golide. Slavyanov anamwalira mu 1897 ali ndi zaka 43 zokha. Pambuyo pake Oscar Kjellberg wa ku Sweden, amene anakhazikitsa kampani ya ESAB ku Gothenburg m'chaka cha 1904, anakuta ndodo yachitsuloyo ndi mankhwala amene akapsa amatulutsa utsi wotchinga mpweya ndi kusiya chikhokho pamwamba pa msoko. Ndodo zimenezi ndizo marodi amene amagulitsidwa m'masitolo a zitsulo pa Mchinji, ndipo chikhokho chimenecho ndicho mmisiri amagogoda ndi kanyundo akamaliza. Njira ya dzanja limodzi imeneyi inapambana chifukwa inali yofulumira ndi yolimba, ndipo ya Benardos ya manja awiri inayamba kuiwalika.

Masiku ake otsiriza

M'chaka cha 1898 Benardos anasamukira ku Fastiv, tauni ya pa njanji kufupi ndi Kiev, pakuti moyo wa mumzinda waukulu unali utamukulira mtengo. Chaka chotsatira sukulu yaikulu ya zamagetsi ya ku St Petersburg inamupatsa ulemu wa injiniya wa zamagetsi, pamodzi ndi Alexander Popov, katswiri wa wailesi, ndi Alexander Lodygin, katswiri wa mababu. Munthu amene sanamalize sukulu ziwiri anawerengedwa pamodzi ndi akatswiri akuluakulu a dziko lake. Koma ulemuwo unalibe malipiro. Thupi lake linali litafooka ndi poizoni wa mtovu umene anakhala akuugwira ndi kuupuma popanga mabatire, ndipo anadwala nthawi yaitali.

Anamwalira pa 21 Sepitembala 1905, m'nyumba yosungiramo amphawi ku Fastiv, ali ndi zaka 63. Chaka chimenecho dziko la Russia linali litangogonja pa nkhondo yolimbana ndi Japan ndipo m'mizinda munali zipolowe. Nyuzipepala sizinalembe za imfa yake. Panapita zaka zambiri dziko lisanamukumbukire mokwanira. M'chaka cha 1981, pokumbukira zaka 100 za luso lowotcherera ndi magetsi, boma la Soviet Union linatulutsa sitampa ya nkhope yake, ndipo ku Lukh ndi ku Fastiv kunaimikidwa zipilala za chikumbutso chake.

Njira ya manja awiri ibwerera

Nkhani ya luso lake sinathere pamanda. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, opanga ndege ankafuna kulumikiza zitsulo zopepuka monga aluminiyamu ndi magnesium. Zitsulo zimenezi zimagwirana ndi mpweya msanga zikatentha, ndipo marodi wamba ankangoziwononga. M'chaka cha 1941 Russell Meredith, wa pa kampani ya ndege ya Northrop ku California, anakonza njira imene anaitcha Heliarc, ndipo patenti yake inatuluka chaka chotsatira. Maziko ake anali a Benardos: ndodo yosasungunuka yonyamula moto m'dzanja limodzi, ndi kandodo kodzazira m'dzanja linalo.

Zinthu ziwiri zinasintha, ndipo zonse zinali zochiza zilema zija. M'malo mwa khala anaikapo tungsten, chitsulo chimene chimasungunuka pa madigiri 3,422, pamene chitsulo wamba chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500. Nsonga ya tungsten imanyamula lawi popanda kudetsa msoko. Chachiwiri, kuzungulira nsongayo anatulutsa mpweya wa helium, umene sugwirana ndi chinthu chilichonse, kuti uphimbe kadziwe kaja ndi kukankhira kutali mpweya wowononga. Kampani ya Linde inagula lusoli n'kulipititsa patsogolo, ndipo m'kupita kwa nthawi mpweya wa argon, umene ndi wotsikirapo mtengo ndi wolemera kotero kuti umakhazikika bwino pa msoko, unalowa m'malo mwa helium pa ntchito zambiri. Njira imeneyi ndiyo imatchedwa TIG masiku ano.

Amisiri opanga ndi kukonza magalimoto amaikonda chifukwa moto ndi chitsulo chodzazira zimalamulidwa padera. Malata a thupi la galimoto ndi opyapyala, nthawi zambiri osafika milimita imodzi, ndipo rodi wamba amawaboola pakamphindi. Ndi TIG mmisiri amachepetsa kapena kuwonjezera moto ali m'kati mwa msoko, pa makina ambiri popondereza chopondera ndi phazi monga dalaivala amachitira ndi mafuta. Mapaipi a utsi a chitsulo chosachita dzimbiri, mafelemu a mapaipi otetezera oyendetsa magalimoto a mpikisano, matanki ndi ziwiya za injini za aluminiyamu, zonsezi zimalumikizidwa motere, ndipo msoko wake umatuluka woyera, wopanda chikhokho. Aluminiyamu ali ndi msampha wake: iye amasungunuka pa madigiri 660, koma kakhungu kamene kamamera pamwamba pake kamafuna madigiri oposa 2,000. N'chifukwa chake pa aluminiyamu makina amatulutsa magetsi osinthasintha mbali, amene amaswa kakhunguko uku akusungunula chitsulo cha pansi pake.

Kuphunzira kwake

Wophunzira luso limeneli amayamba ndi ukhondo. Dzimbiri, utoto ndi mafuta ziyenera kuchoka mpaka chitsulo chitawala, pakuti palibe mankhwala a pa rodi oti ayeretse msoko. Kenaka amanola nsonga ya tungsten, ndipo kwa masiku angapo amangoyendetsa kadziwe pa chitsulo chotayidwa, osagwira n'komwe kandodo kodzazira, mpaka dzanja litazolowera kusunga mpata wa mamilimita awiri kapena atatu osanjenjemera. Nsonga ikangokhudza kadziwe imadetsedwa, ndipo amazimitsa moto n'kukanolanso. Wophunzira aliyense amanola kambirimbiri tsiku loyamba. Pambuyo pake dzanja lachiwiri limalowa, kumaviika kandodo m'mphepete mwa kadziwe ndi kukabweza, koma osakatulutsa kunja kwa mpweya wotchinga. Pa malata opyapyala amayamba walumikiza timadontho motalikirana, ndipo amawotcherera pang'onopang'ono molumphalumpha, kudikira kuti pazizire, chifukwa kutentha kukachuluka pamalo amodzi chitseko cha galimoto chimapindika osawongokanso. Pa ntchito imeneyi m'pamene pamaonekera kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali zifukwa zomveka zimene zimachititsa kuti m'malo a malonda a m'boma la Mchinji marodi akhale ofala kuposa TIG. Makina ake ndi okwera mtengo, ndipo botolo la argon likatha liyenera kukasinthidwa kutali. Komanso amisiri ambiri amagwirira ntchito panja, pamene mphepo ya mwezi wa Julaye imaulutsa mpweya wotchinga uja n'kusiya msoko wodzaza timabowo, monga momwe misoko ya Benardos inkachitira. Pa ngolo, pa makasu a ng'ombe ndi pa mageti, rodi amakwanira ndipo saopa mphepo. Koma magalimoto ndi njinga zamoto zimene zimadutsa pa chipata cha Mchinji ndi Mwami zili ndi ziwiya zambiri za aluminiyamu, ndipo chimodzi chikang'aluka mwini wake amasankha pakati pa kugula chatsopano ndi kufunafuna mmisiri wodziwa njira ya manja awiri. Mnyamata kapena mtsikana amene angaphunzire njirayi, n'kumanga kachipinda kotchinga mphepo ndi kugula chigoba chenicheni chotetezera maso ndi nkhope, adzakhala ndi ntchito imene anzake ambiri sangaigwire.

Wotereyo angachite bwino kudziwa mbali zonse ziwiri za moyo wa Benardos. Munthuyu anapirira kunyozedwa, kulephera kwa sitima yake ndi kugulitsidwa kwa mudzi wake, osasiya kuyesa, ndipo chifukwa cha khama limenelo zitsulo za pa dziko lonse zimasokedwa ngati nsalu. Koma sanasamale mkwiyo wake, sanawerengere ngongole zake, analowa m'mapangano amene anamulanda ntchito ya manja ake, ndipo sanateteze thupi lake ku mtovu. Njanji imene inafika ku Mchinji m'chaka cha 1980, n'kupitirira mpaka ku Chipata mu 2010, inanyamula mabogi olumikizidwa ndi moto umene iye anauika m'dzanja la mmisiri. Mwini motowo anatsirizira moyo wake m'tauni ya pa njanji, pa kama wa m'nyumba ya amphawi, sitima zikudutsa chapafupi.